Moto wa pamwala wa padoko

Ndinachoka ku Kavalamanja chifukwa ukonde wanga unali utaola, ndipo mwana wanga Rozina ankayenda wopanda chovala. Amake Rozina anandiperekeza padoko. "Pitani," anatero. "Ine madzulo alionse ndizisonkha moto pamwala uwu. Tsiku lobwera mukauona, mudziwe kuti tilipo."

Ntchito ndinakaipeza kunyanja yamchere, ku Mozambiki, pamene mtunda umalowa m'madzi ngati chala, miyala yokhayokha. Kunsonga kwake kunali nsanja ya nyali yochenjeza zombo. Yanga inali kukweza parafini pamwamba ndi kupukuta magalasi. Mphepo yake, mayo ine! Mkulu wa pansanjapo ankangonena chimodzi: nyali ikazima, anthu afa. Ndinasowa woyankhula naye Chikunda mpaka ndinayamba kukalipira mbalame. Zaka zinapita. Uthenga wakumudzi unayamba kuchepa, kenaka zii. Woyendetsa lole wina atandiuza kuti kwathu kukugwa mabomba a ku Rodesha, ndinagula nyali yagalasi ya amake Rozina n'kunyamuka.

Ku Feira, tauni yapafupi ndi kwathu, ndinapeza mlamu wanga Zuze, ataonda zomvetsa chisoni. Kumudzi anali asanapiteko chiyambire mabomba. Ndinamukakamiza kuti andiperekeze, ndipo dzuwa litalowa tinapalasa bwato motsata gombe. Titayandikira doko, pamwala paja panali bii. Mtima unandichoka. Ndinayatsa nyali ija n'kuikweza m'mwamba monga ndinazolowera. Zuze anaimenya ndi nkhafi, phava, m'madzi.

"Mlamu, mwapenga? Mufuna atiwombere asilikali a ku Rodesha ali kutsidyawo?"

"Moto palibe! Atha onse!"

"Khalani chete imwe. Masiku ano moto umaoneka chabe panyumba imene aitentha."

Ndinakwera pamwalapo chokwawa. Dzanja langa linagunda mulu wa nkhuni, zouma, zoyalidwa bwino. Pambali pake panakhala munthu.

"Atate a Rozina?" Mawu anali a mkazi wanga. Ndinalira, sindibisa. Iye sanalire.

"Nkhuni ndimabwera nazo tsiku lililonse," anatero, "koma kuyatsa ayi. Ndinaleka tsiku limene anawombera moto wanu."

"Nanga Rozina ali kuti?"

Zuze anali akumangabe bwato kumunsi.

"Tsiku limenelo ndinadwala malungo," anatero mkazi wanga. "Amene anabwera kudzasonkha anali Rozina."