Bondo la Mlamu Wanga

Mkazi wanga atamwalira ndinatsala ndekha m'mudzi wa eni. Kwathu ndi kumtunda, ku Mlangeni, kumene timalima kachewere, koma ndinakwatira kuchigwa, pafupi ndi Sharpevale, ndipo ndinakhala kumeneko pachikamwini mpaka ana athu anakula n'kupita kumabanja awo. Maliro atatha, palibe amene anandichitira choipa. Moni ankandipatsa, amayi ena ankanditumizira ndiwo. Koma nkhani ya kusudzula inali m'mitima mwa anthu, ngakhale sankaitchula pamaso panga. Mkamwini amene mkazi wake wamwalira amamasulidwa ndi akuchikazi kuti abwerere kwawo. Ine sindinkafuna kupita. Manda a mkazi wanga anali pomwepo, ndipo mpingo umene ndinatumikiramo monga mkulu unalinso pomwepo.

Amene anandiuza poyera kuti ndikhale anali munthu mmodzi, mlamu wanga, mlongo wake wamng'ono wa malemu. Ali ndi kashopu pa Sharpevale, amameta anthu ndi kutchaja mafoni pa magetsi a sola.

"Alamu, musamvere za anthu," anandiuza. "Ine ndikadali moyo, palibe angakuchotseni pano."

Mawu amenewo ndiwo ndinatsamira. Nditawamva ndinasiya kuganiza zopakira katundu.

Chaka chomwecho mlamu wangayo anagula tivi ndi makina a gemu kwa munthu wina wobwera ku Joni. Munali gemu ya mpikisano wa magalimoto. Anthu anayi ankakhala pa benchi, aliyense atagwira kachipangizo ka mabatani kamene ankakatcha padi, ndipo tivi inkagawika panayi kuti aliyense aziona galimoto yake. Ankasewera awiriawiri. Mapointi a anthu awiri a timu imodzi ankaphatikizidwa, choncho kufika woyamba mnzako ali kumapeto kunalibe phindu.

Tsiku lina ndinapita kukameta, ndipo atamaliza anandiika padi m'manja.

"Si njuga imeneyi?" ndinafunsa.

"Njuga iti, alamu? Inu Baibulo mumalidziwa, ndiuzeni vesi yoletsa kuyendetsa galimoto."

"Njinga yokha imandigwetsa."

"Apa mukagwa simuthyoka mwendo. Gwirani."

Ndinagunda khoma, ndinagwera m'madzi, nthawi ina ndinayenda ulendo wonse chobwerera m'mbuyo akabaza akuseka mpaka kugwira m'mimba. Komabe ndinabweranso. Kunyumba masana ankatalika, ndipo pa benchi paja panali phokoso la anthu amoyo.

Patapita miyezi, mlamu wanga anaona chinthu chimene ine sindinachione. Ena onse ankanyamuka ngati akuthawa moto, n'kuombana pa kona yoyamba. Ine ndinkaponda buleki msanga, ndipo iwo akamadzuka mu fumbi ndinkakhala nditadutsa kale. Liwiro ndinalibe, koma sindinkalakwitsa. Panjira imene anthu ankaikonda kwambiri panali mlatho wopapatiza chakumapeto, woti galimoto ikayenda pakati, ina singadutse.

"Inu ndinu chitseko," anatero. "Mukakhala patsogolo, khalani pakati, onse aunjikane kumbuyo kwanu. Ine ndikafika, munditsegulire, ndikadutsa mutsekenso. Ine woyamba, inu wachiwiri, timu yawina."

Vuto linali maso anga. Kagawo kanga ka tivi kanali kakang'ono, ndipo sindinkatha kuona kuti amene ali kumbuyo kwanga ndani. Poyamba ankafuula kuti nditsegule, koma anzathu aja ankamva nawo n'kulowera mpata womwewo. Ndiye tinapangana za bondo. Tinkakhala moyandikana, ndipo akafika kumbuyo kwanga ankandigunda pang'ono ndi bondo lake. Ine ndinkapatukira kumanzere kamphindi, iye n'kudutsa, ine n'kubwerera pakati. Tinachita zimenezi kambirimbiri mpaka chala changa chinkayamba kusuntha mutu usanaganize. Palibe amene ankadziwa chinsinsi chathu. Akabaza ankati tili ndi mankhwala, ndipo mlamu wanga ankawayankha kuti mankhwala ake ndi mapemphero a akulu ampingo.

Ndinena zoona, masiku amenewo anandichiritsa. Tikawina ankandimenya paphewa n'kunena kuti, "Achemwali akanaona izi akanati mwapenga." Ndipo tonse tinkaseka, chifukwa akanaterodi.

Kenaka kunamveka kuti ku Boma kukhala mpikisano wa matimu, m'holo ina yoonetsera mpira pafupi ndi msika. Mphoto inali batire yaikulu ya sola, chinthu chimene mlamu wanga ankachilakalaka chifukwa yake inali itatha mphamvu. Tinakonzekera masabata angapo. Iye anatsogola dzulo lake, akuti akalembetse timu ndi kugula zinthu za kushopu. Ine ndinakwera minibasi Loweruka m'mawa, nditavala jekete yanga ya kutchalitchi.

Nditalowa m'holomo ndinamupeza atakhala ndi bambo wina wojintcha, dalaivala wa minibasi amene nthawi zina ankaima pa Sharpevale n'kusewera nafe. Mlamu wangayo atandiona anaimirira n'kundikokera pambali.

"Alamu, mwafika bwino? Pali kusintha pang'ono. Ndalembetsa ndi adalaivalawa."

"Nanga ine?"

"Kuno si kwathu, alamu. Kuli anyamata a zala zamoto. Batireyo tikaiphonya, shopu igona."

"Bwanji simunandiuze ndisanakwere galimoto?"

"Ndimaopa kuti mukhumudwa. Khalani muonere, ndikugulirani chakumwa."

Zinandipweteka, koma ndinadziuza kuti mwina akunena zoona. Munthu ali ndi ana oti adyetse, ndipo ine ndine wokalamba. Ndinakhala pa mpando wakumbuyo.

Mpikisano usanayambe, bambo wina wakabaza wa pa Boma ankayendayenda akudandaula kuti mnzake sanabwere. Wina anamulozera kwa ine.

"Madala, mumaseweradi, kapena mwasochera popita ku kwaya?"

"Ndimayesako."

"Bola musandichititse manyazi. Tiyeni."

Ndinamufotokozera kaseweredwe kanga, kuti ndimatsogola ndi kutseka njira. Za bondo sindinamuuze, chifukwa ndinkaziona ngati za ine ndi mlamu wanga. Tinagwirizana kuti akafika kumbuyo kwanga azikhosomola. Zinayenda. Tinagonjetsa matimu angapo, ndipo anthu anayamba kundiitana kuti a jekete. Masana dzuwa litapendeka, anatsala matimu awiri okha: ife, ndi mlamu wanga ndi dalaivala uja.

Pokhala pa benchi, wakabaza anakhala kumanzere kwanga. Mlamu wanga anasinthana malo ndi dalaivala n'kukhala kumanja kwanga, malo ake a masiku onse.

"Kuja kukuwala, sindikuona bwino," anatero.

Ndinamusunthira kuti akhale bwino.

Njira inali ija ya mlatho. Pa kona yoyamba atatu onse anaombana monga mwa nthawi zonse, ine n'kudutsa. Ndinakhala pakati pa msewu ndipo sindinalakwitse. Anthu kumbuyo ankakuwa, wina akuti, "Chotsani madalawo," wina akuti, "Khoma limenelo simuligwetsa." Wakabaza anali atatsalira pang'ono, koma ankanong'ona kuti, "Gwirani pomwepo, madala, ndikubwera. Mukafika oyamba, ine n'kudutsa mmodzi, tawina." Zinali zoona. Ndikanangomaliza patsogolo, iye n'kupitirira mmodzi yekha wa iwo, batire inali yathu.

Tinalowa pa mlatho ulendo womaliza. Mzere womalizira unkaoneka kutsogolo. Pamenepo bondo linandigunda kumanja, pang'ono chabe, monga mwa masiku onse.

Chala changa chinasuntha. Galimoto yanga inapatukira kumanzere, mlamu wanga anadutsa, ndipo dalaivala, amene anali atamamatira kumbuyo kwake, anadutsanso ndisanatseke. Ndinamaliza wachitatu.

Holo yonse inaphulika. Wakabaza anaponya padi pa benchi.

"Mwatani, madala? Ine sindinakhosomole. Mwawatsegulira bwanji? Kapena munapangana, poti ndi achibale anu?"

Ndinatembenukira kwa mlamu wanga, ndikuganiza kuti mwina mwendo wake unangosuntha chifukwa cha chizolowezi, monga chinachitira chala changa. Mtima wanga unali wokonzeka kukhulupirira zimenezo. Koma dalaivala anamukumbatira akuseka n'kunena mokweza kuti, "Munanenadi, achimwene. Munati mukangowakhudza atsegula."

Mlamu wanga anaseka nawo. Anthu atamufunsa kuti wachita bwanji, anati, "Ng'ombe ya pangolo imamvera mwini wake. Ndinaiphunzitsa ndekha imeneyi." Anandimenya paphewa monga ankachitira tikawina.

Ndinapepesa kwa wakabaza uja. Iye anangoti, "Pitani bwino, madala," ndipo mawu ake analibenso ukali. Ndinatuluka batire isanaperekedwe. Pa depoti ndinadikira minibasi ina, chifukwa yoyamba inali ya dalaivala uja.

Patapita masiku mlamu wanga anabwera kunyumba atanyamula shuga. Anandipeza ndikukonza mpini wa khasu.

"Mwasowatu ku benchi, alamu. Anthu akukufunsani."

"Ndilipo."

"Mwakwiya? Ndi gemu chabe ija. Palibe anafa."

"Adalaivala aja munawauza liti za bondo?"

Anakanda m'mutu. "Tinkangocheza usiku wake. Ndinati ngati zingachitike kuti takumana nanu. Sindinkadziwa kuti mulowa."

"Koma nditalowa munasintha malo."

"Alamu, mpikisano ndi nzeru. Inunso mukanakhala ine mukanatero. Komanso batireyo ili m'banja, foni yanu muzitchaja ulere mpaka kalekale."

Anaseka, akudikira kuti ndiseke naye. Ndinamuthokoza chifukwa cha shuga, ndipo ndinamuperekeza mpaka pa msewu monga ayenera kuchitira mlendo.

Sindifulumira kuweruza munthu, ndipo nkhaniyi ndinaisunga nyengo yonse ya dzinja. Ndinaipempherera. Ndinadzifunsa ngati sikunali kunyada kwa nkhalamba yochititsidwa manyazi pagulu. Ndinadzikumbutsa za ndiwo zimene mkazi wake ankanditumizira, ndi mmene iye ananyamulira bokosi la mlongo wake akulira ngati mwana. Sindinganene kuti ndi munthu woipa, ndipo mpaka lero sindinena choncho. Kusankha dalaivala ndinakumvetsa. Kugonja sikunandivute, ndagonjapo pa zinthu zazikulu kuposa batire. Chimene chinakana kuchoka ndi chakuti iye anadziwa malo amodzi pamene ndinkamukhulupirira osaganiza n'komwe, anakhala pansi ndi munthu wina n'kukambirana mmene angawagwiritsire ntchito, ndipo atatero sanaone cholakwa chilichonse. Lamlungu lililonse tikafika pa mawu okhululukira amangawa athu ndinkawanena, ndipo ndikhulupirira kuti ndinamukhululukira. Koma kukhala kwanga m'mudzi muja kunali kutatsamira pa mawu a munthu ameneyu yekha, ndipo ndinapeza kuti sindingathenso kugona tulo pa mawu akewo.

Mpunga utayamba kucha ndinapita kwa amalume ake a malemu, amene ndiwo ankayang'anira mbumba. Ndinawapeza akusoka thumba pakhonde. Titapatsana moni ndinawauza kuti ndabwera kudzapempha kuti andisudzule.

Anaika singano pansi. "Ife sitinakuthamangitseni, akamwini. Tinkati mwina mukhala, poti mumagwirizana ndi mlamu wanu. Wakulakwirani ndani?"

Ndinaganiza za mmene ndingawafotokozere za mlatho wa pa tivi, munthu amene sanagwirepo padi, ndipo ndinaona kuti akhoza kuseka, kapena kukaitana mlamu wanga kuti apepese pa zimene iye sakuziona.

"Si nkhani yoti ndingathe kuifotokoza, amalume. Mtima wangokumbuka kumtunda."

Anandiyang'ana, n'kutolanso singano yawo. "Ana mwawauza?"

"Ndiwaimbira lero."

"Ndiye tiitane anthu liti?"

"Tikakolola," ndinatero. "Mpunga uli m'mundawu ndinaudzala pa munda wa mwana wanu. Ndiusiye uli m'nkhokwe."