A Makwinja ndi Mzere wa 2005 pa Thabwa la ku Barking

A Zacheus Makwinja anabadwa pa 3 Malichi 1951 pa famu ya fodya kufupi ndi Banket, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe. Bambo awo, a Jailos, anachoka kwa Ganya ku Ntcheu mu 1939, wapansi, ndipo anakalamba akulemba manambala pa mabelo a fodya. Mwana anatengera dzanja la bambo ake, koma analifikitsa patali. Mu 1968 anapita ku Kadoma kukaphunzira kulemba zikwangwani, ndipo kwa zaka zoposa makumi atatu analemba mayina a magolosale, a mabucha, a mabasi, ndi matabwa a m'masukulu oikapo mayina a ana okhoza bwino. Anthu a ku Rimuka, komboni ya ku Kadomako, ankazindikira chilembo chawo cha S ali tsidya lina la msewu.

Akazi awo, mayi Muchaneta, omwe ndi namwino, anatsogola ku London mu 2000 napeza ntchito pa chipatala cha ku Romford. A Makwinja anawatsatira pa 11 Malichi 2002. Mu sutikesi yawo munali maburashi asanu ndi awiri okulunga m'kansalu, ndi kandodo kotsamirapo dzanja polemba. Anazungulira mashopu a ku Barking ndi ku Ilford milungu isanu ndi umodzi akuonetsa zithunzi za ntchito yawo. Kulikonse yankho linali limodzi: kuno zilembo zimadulidwa ndi kompyuta pa pulasitiki, n'kumatidwa tsiku lomwelo. Maburashi anakwera pamwamba pa kabati. Mwini wake anapeza ntchito ziwiri: Loweruka ndi Lamulungu kusamalira okalamba pa nyumba ina ku Ilford, ndipo mkati mwa mlungu kusesa ndi kukolopa m'mawa pa kalabu ina pafupi ndi siteshoni ya Barking.

Kalabuyi anaiyambitsa mu 1958 ndi amuna ochokera kumpoto kwa England, amene anadzagwira ntchito pa fakitale ya magalimoto ku Dagenham. Anabwera ndi mpira wakwawo, ragibi ligi, wa osewera khumi ndi atatu mbali iliyonse, umene anthu a ku London saulabadira kwenikweni. Mpirawu unayamba pa 29 Ogasiti 1895, pamene matimu a kumpoto anapatukana ndi akuluakulu a ragibi pa nkhani yolipira osewera akajomba ku ntchito chifukwa cha masewero, poti ambiri anali a m'migodi ndi m'mafakitale a nsalu. Pakhoma la holo ya kalabuyo panali matabwa atatu akuda, aatali kuposa munthu, olembedwa ndi golide mayina a akatswiri a ligi chaka ndi chaka, kuyambira Manningham mu 1896. Panali Hunslet ya 1908, panali Huddersfield, Swinton ndi Salford, panalinso Wigan kasanu ndi kawiri kotsatizana kuyambira 1990 mpaka 1996. Wolemba zonsezi anali a Norman Pilling, mbadwa ya ku St Helens. Anamwalira mu Januwale 2003, mzere wawo womaliza uli wa 2002, umene unali wa timu yakwawo.

A Makwinja sankapukuta matabwawo monga mmene munthu amapukutira khoma. Mkazi wamasiye wa a Pilling, mayi Peggy, amene ankabwera Lachitatu lililonse kudzasintha maluwa a m'holo, anawapeza tsiku lina akulondola chilembo cha W ndi chala m'malere, mopu itatsamira pampando. Anawafunsa, iwo anafotokoza, ndipo Lachitatu linalo a Makwinja anabwera ndi zithunzi za ku Kadoma zija. Mayiwo ndiwo anakauza komiti kuti mmisiri amene ikumusaka ali m'nyumba momwemo, akukolopa. Pa 20 Okutobala 2003 a Makwinja anatsitsa maburashi pa kabati nalemba Bradford Bulls. Pa 18 Okutobala 2004 analemba Leeds Rhinos, timu imene inali isanatengenso ukatswiri chichokereni 1972. Madoda ena analira poona mzerewo, ndipo kuyambira pamenepo anasiya kuwatchula wosesa.

Zaka ziwiri zonsezi dzina lolemba ankalipeza pa kapepala kosiyidwa ndi mlembi wa komiti, a Ramsden, mbadwa ya ku Bradford. Masewero omaliza ankachitika Loweruka, tsiku limene a Makwinja ali ku Ilford, choncho sanawaonerepo. Komabe ankatsatira mndandanda wa ligi m'nyuzipepala zotsala pa matebulo, ndipo zaka ziwiri zonsezo timu yomaliza pamwamba ndi yomwe inatuluka pa kapepala. Kwa munthu wokulira mu mpira wamiyendo, nkhaniyi inali yosafunsa: amene ali pamwamba ligi ikatha ndiye katswiri. Masewero a mu Okutobala ankawayesa chikho chapadera, chonga zija zimaseweredwa kwathu nyengo ikatha. Sanadziwe kuti kuyambira 1998 ukatswiri umadziwika pa tsiku limodzi, pa fainolo ya ku Old Trafford mu mzinda wa Manchester, ndipo womaliza pamwamba amangolandira chishango.

Mu Seputembala 2005 ligi inatha St Helens ili pamwamba. Lachitatu pa 21 mwezi womwewo mayi Peggy ankakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu, ndipo kalabu inakonza phwando la masana. A Makwinja anaona kuti mphatso yoposa kulemba timu ya malemu amuna a mayiwo panalibe. Lolemba m'mawa, pa 19, akukulunga maburashi, akazi awo anafunsa ngati kapepala kaja kanabwera.

"Zaka zonsezi ndikulemba, mayi a Shamiso, lero ndidikire kapepala kuti ndidziwe amene ali pamwamba?"

"Ine ndangofunsa. Kuchipatala ngakhale panado sitipereka asanalembe adokotala."

A Makwinja anaseka, nanyamuka. Golide wa pa matabwawo si penti. Ndi timapepala topyapyala kuposa phiko la gulugufe, tomata pa ulimbo umene umayamba walembedwa ndi burashi. Tikamatika sitichoka ndi nsanza. Pofika masana mzere wa 2005 unali utatha, ndipo anauphimba ndi nsalu ya patebulo.

Lachitatu, anthu atadya keke, a Makwinja anakwera makwerero navundukula dzina la St Helens. Doda wina wa ku St Helens anatsitsa tambula yake nanena kuti chibadwire sanaonepo munthu woitanira timu tsoka poyera chonchi, pakuti kwawo dzina la wopambana salitchula, ngakhale chikho sachikhudza, mpira usanathe. A Ramsden anaseka mpaka kutsokomola. Mayi Peggy anayandikira nayang'ana zilembozo nthawi yaitali.

"Dzanja ndi lokongola, a Zacheus," anatero. "Kungoti mwafulumira ndi milungu itatu ndi theka."

Ndi tsiku limenelo pamene anthu anawafotokozera a Makwinja za fainolo. Anatsika makwerero, natenga mopu ngakhale panalibe chokolopa.

Zinthu zinaipa kuposa pamenepo. St Helens inagonja masewero ake onse awiri achipulula, koyamba kwa Leeds, kenako kwa Bradford. Pa 15 Okutobala Bradford, imene inamaliza ligi pa nambala yachitatu, inagonjetsa Leeds 15 kwa 6 n'kukhala katswiri. Madoda a ku St Helens anasiya kuyankha moni wa a Makwinja. A Ramsden anawapempha, anthu akumva, kuti chaka chamawa adzalembe Leeds mu Seputembala kuti tsoka ligwere iyo, ndipo mowa adzagula ndi iwo. Koma kuseri kwa nthabwalazo analembera komiti kuti matabwa atsitsidwe. Anati golide wa pamanja sakonzeka popanda kusiya chipsera, ndipo mmalo mwake paikidwe chikwangwani cha pulasitiki chosindikiza, chimene kampani ingamachisinthe chaka chilichonse mosaphonya. Msonkhano anauika Lachinayi pa 27 Okutobala. A Makwinja anapempha kuti awalole kukonza tsikulo lisanafike, ndipo anawalola. Kunyumba anauza akazi awo kuti matabwawo akatsika, maburashi abwerera pa kabati osadzatsikanso, ndipo iwo adzafera kuno ali munthu wa mopu basi.

Anayamba Lolemba pa 17. Anaswa botolo, nasankha phale lakuthwa bwino, napala golide pang'onopang'ono monga anaphunzirira ku Kadoma, osakhudza mzere wa 2004. Kenako anakwecha malowo ndi sandipepala wonyowa, nayamba kupaka penti yakuda yopyapyala, kamodzi pa tsiku. Kuti aone zitunda ndi zigwa anaika nyali m'mbali mwa thabwa, kuwala kukudutsa chopingasa. Lachiwiri, akusuntha nyaliyo, anaona kachigwa kosaya pamwamba, pa mzere wa 1973. Anayendetsa chala pansi pa dzina la Dewsbury, ndipo chala chinawerenga zimene maso sankaona: Leeds. Munthu wina anali atapalapo kale pamenepo, ndi phale la botolo ngati lawo lomwe.

Madzulo anawauza mayi Muchaneta, amene anaomba m'manja nanena kuti Mulungu wayankha, akangowaonetsa a Ramsden mlandu watha. Amuna awo anakana. Anati a Pilling sangadziyankhire, ndipo amene anawapezera ntchitoyo ndi mkazi wa munthu yemweyo. Mmisiri saulula msoko wa mmisiri mnzake kwa eni chovala.

"Ulemu wanuwo ukubwezerani ku mopu, bambo a Shamiso."

"Ndikabwerera ndi manyazi anga okha. A mnzanga sindiwasenza."

Lachitatu pa 26 mayi Peggy anabwera ndi maluwa awo napeza mzere wa 2005 ukuwala: Bradford Bulls. A Makwinja atamva chitseko anakoka nyali msanga kuichotsa kumene inaloza. Mayiwo anali okalamba, koma maso anali nawo.

"Mwapeza chiyani pamwambapo, a Zacheus?"

"Thabwa labwino, mayi. Amuna anu ankadziwa kusankha thabwa."

Mayi Peggy anakhala pampando, maluwa ali pamiyendo. "Zaka makumi atatu ndi ziwiri," anatero, "palibe ndi mmodzi yemwe anaona."

Za msonkhano wa mawa lake ndinaziwerenga m'buku la zokambirana za komiti, zolembedwa ndi dzanja la a Ramsden omwewo. Mayi Peggy anapempha kulankhula. Anafotokoza kuti mu Meyi 1973 iwo ndi amuna awo anakonza zonyamuka kupita kutchuthi kunyanja fainolo ikangotha. Leeds inali katswiri wa chaka chapitacho, ndipo inkakumana ndi Dewsbury, imene inamaliza ligi pa nambala yachisanu ndi chitatu. A Pilling anaona kuti palibe chodikirira, nalemba Leeds Lachisanu, naphimba. Dewsbury inapambana 22 kwa 13. Tchuthi chinafera pomwepo, ndipo bamboyo anatha mlungu wathunthu kuseri kwa nsalu, akuuza kalabu kuti vanishi akuchedwa kuuma. Atatero mayiwo anauza a komiti kuti aimirire akasake zipsera ziwirizo, cha 1973 ndi cha 2005. A Ramsden anavala magalasi, nakwera makwerero, natsika osapeza kanthu. Mayi Peggy anamaliza ndi mawu akuti munthu amene akufuna kumulanda burashiyu anadziwa zonsezi kwa masiku asanu ndi anayi, ndipo anakhala chete ngakhale kuti zikanamupulumutsa.

Anthu asanu anavomera kuti matabwa akhale, awiri anakana. A Ramsden anawonjezera malamulo awiri, ndipo ali m'bukumo mpaka lero: dzina lisalembedwe lisanafike Lolemba lotsatira fainolo, ndipo wolembayo aonere yekha fainoloyo pa kanema wa m'kalabu, ndi maso ake.

Choncho pa 14 Okutobala 2006 a Makwinja anasinthana shifiti ndi mnzawo wa ku Ilford, naonera kwa nthawi yoyamba mpira umene anakhala akuulemba zaka zitatu. Anadabwa kuti anthu ogundana chotero amadzuka n'kupatsana chanza. St Helens inagonjetsa Hull 26 kwa 4. Lolemba pa 16 analemba dzinalo kachiwiri, pa mzere wake tsopano, mayi Peggy atakhala pansi pa makwerero atagwira choko. Doda uja anasiya kuyankha moni anabwera ndi kapu ya tiyi naiika pafupi nawo. Mayi Peggy anamwalira pa 8 Febuluwale 2007.

Zaka zitatu zotsatira katswiri anali Leeds, ndipo katatu konse inagonjetsa St Helens pa fainolo. Mu 2007 ndi mu 2008 St Helens ndiyo inamaliza pamwamba, moti Seputembala aliyense madoda ankafunsa a Makwinja ngati burashi yayamba kuyabwa. Iwo ankayankha kuti ili mtulo, idzuka mu Okutobala.

Pa 12 Okutobala 2009, atamaliza Leeds yachitatu, anayeza malo otsala pa thabwa lachitatu napeza mizere inayi yokha. Anauza komiti. Patapita milungu iwiri a Ramsden anagogoda pa fulati yawo ku Barking, thabwa latsopano atalimangirira pamwamba pa galimoto. A Makwinja analiimika m'khonde la m'nyumba, pamene mayi Muchaneta ankadutsa chammbali akung'ung'udza popita ku ntchito, ndipo pa 2 Novembala analipaka penti yakuda yoyamba.