Atate Anagona pa Mlandu Wawo

Atate anga anali munthu wa tulo. Sindikunena ulesi ayi, poti m'mudzi mwathu, kufupi ndi Fonte Boa, munda woyamba kupaliridwa unkakhala wawo. Koma akangokhala pansi, kaya pakhonde, kaya pachulu, tulo tinkawapeza ngati anachita kupangana nato.

Pa misa ankagona chokhala, mutu uli zyoli, kolona ili m'manja. Apadiri, mzungu wokalamba amene maso ake sankaona patali, anawatchulapo polalikira kuti ameneyo ndiye munthu wodziwa kupemphera. Ife ana awo tinangoluma milomo. Mwayi wake nyimbo za mpingo zinkaphimba zambiri.

Tsiku lina anapakira mbatata ya kachewere m'ngolo kuti akagulitse ku Vila Coutinho. Ng'ombe zitaona kuti kumbuyo kwati zii, zinayamba zadya msipu m'mbali mwa msewu, kenako n'kutembenuka ulendo wa kukhola. Atate anadzidzimuka ngolo itaima pabwalo la nyumba yawo, amayi akupeta mphale.

"Kodi inu mwanditsatira kudzatani kuno ku Vila?" anafunsa atakwiya.

Mudzi unaseka mpaka mbatatayo inamera m'dengu.

Nkonono wawo ndiye musanene. Unkayamba pang'onopang'ono, n'kukula mpaka agalu a kwa aneba kuuwa, kenako n'kuduka mwadzidzidzi, n'kuyambiranso ndi kubanika ngati munthu wotsamwa. Patapita zaka zambiri, ine ndili kale ndi imvi, dotolo wina ku Tete anandifotokozera kuti amenewa ndi matenda. Anati pali anthu amene akagona kukhosi kumatsekeka, mpweya umaima, ndipo thupi limadzidzimutsa lokha kuti lisafe, mwini wake osadziwa kanthu. Zimachitika usiku wonse, choncho munthu safika pa tulo tofa nato tija timatsitsimula thupi. Kukacha amadzuka wotopa ngati wachezera kulima. Anatinso matendawa amakonda anthu a khosi lalikulu, ndipo atate khosi anali nalo la nkhunzi. Koma nthawi imeneyo, nkhondo ya azungu itangotha, kwathu aliyense anali dotolo, ndipo onse ankagwirizana chimodzi: wogona masana ndiye kuti usiku anali pa ntchito.

Izi zikanathera m'miseche atate akanakhala kwawo. Koma kwawo kunali ku Lifidzi, kwathu kuno anali mkamwini chabe. Munda, malo a nyumba, ngakhale ife ana, zonse zinali za kuchikazi, m'manja mwa atsibweni, achimwene awo a amayi. Mkamwini akhoza kuuzidwa m'mawa kuti anyamule khasu ndi gombeza lake, madzulo n'kukhala atayiwalika. Atate ankadziwa zimenezi. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo yawo inali khasu. Ankalima mwawo, n'kukalimanso mwa apongozi.

Atsibweni anali Mkhristu wa mpando wakutsogolo. Anapita kusikola ya apadiri, ankawerenga Chipwitikizi, ndipo ankanena poyera kuti za ufiti ndi mantha a anthu osaphunzira. Ananena choncho mpaka chaka chimene mwana wawo wamng'ono anamwalira ndi chifuwa m'nyengo yachisanu.

Kumanda kunali anthu ambiri. Dzuwa linali paliwombo, adzukulu akukwirira, nyimbo itangotha kumene. Mu zii ameneyo munamveka nkonono. Atate, amene anali atakhalira kuwaza nkhuni za pasiwa m'mawa wonse, anali atatsamira mtengo, kukamwa kuli yasa. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindinawachiteponso. Amayi a mwana uja anasiya kulira, n'kumangowayang'ana.

Titameta maliro, atsibweni anaitana abale onse kuseri kwa nkhokwe. Kunali m'mawa, kadzuwa kokoma kothamangitsa chisanu, ndipo ine nditaona kuti atate awakhazika poti kadzuwako kawawombe, mtima unandiuza kuti zatha.

"Alamu," anayamba atsibweni, "ine za ufiti sindikhulupirira, mukudziwa inunso. Komabe tatiuzani, chimakutopetsani n'chiyani usiku?"

"Ndimagona, alamu," anayankha atate modzichepetsa. "Si mudzi wonse umandimva?"

"Timamva nkonono, inde," analowerera amayi aakulu, akulu awo a amayi anga. "Koma ndani pano sadziwa kuti otamba amasiya mtondo pamphasa kuti uziliza nkonono, eni ake ali kutali?"

Anthu anagwedeza mitu. Mpaka lero nkhani imeneyi imandipsetsa mtima. Atate akanakhala ogona mwakachetechete, akanati m'nyumba mulibe munthu. Poti ankachita phokoso, anati ndi mtondo. Unali mlandu wopanda khomo lotulukira.

Atsibweni anayamba kulankhula, ndipo anali munthu woti akayamba salekeza. Anafotokoza za chifundo cha Mulungu, za mtendere wa pa mbumba, za ng'ombe imene inafa chaka chinacho. Pofika pa chigamulo, chakuti alamu abwerere kwawo ku Lifidzi koma mkazi ndi ana atsale, wogamulidwayo chibwano chinali chili pachifuwa. Atate anali atagona pa mlandu wawo.

Apo m'pamene amayi anasendera kutsogolo. Anali munthu wa mawu ochepa, woti pagulu la amuna sankatsegula pakamwa. Anagwada monga mwa ulemu, koma mawu awo sanagwade.

"Achimwene, ndiye mwati ine ndimagona ndi mtondo? Chikwatiwire sindinagonepo usiku wathunthu. Bambo awa akamachita nkonono m'pamene ine ndimapumula. Ukangoduka ndimadziwa kuti mpweya waima, ndiye ndimawagunyuza ndi chigongono mpaka apumenso. Mtondo umenewu ndaugunyuza zaka zonsezi, ndabereka nawo ana mukuwaonawa. Tsono mukawapitikitsa okha, kumeneko akawagunyuza ndani? Munda wanu tengani. Ine ndipita nawo."

"Mlongo wanga, mkazi sasiya mudzi wa amake," anatero atsibweni. "Mukakafa kumeneko akakuikani pati?"

"Pamene akandiikepo."

Amayi aakulu anayamba kulira. Anthu ananyamuka mmodzimmodzi, ndipo phokoso la mipando ndi limene linawadzutsa atate. Anapukuta dovu, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Agamula bwanji?" ananong'oneza.

"Atipitikitsa tonse," anatero amayi. "Dzukani, kamangeni ng'ombe."

Kenako anatiyang'ana ife ana ndi diso lija limatseka pakamwa. Madzulo ake anatiuza kuti aliyense woululira atate zimene iwo ananena pa mlandu paja adzaona chimene chinameta nkhanga mpala, chifukwa mwamuna akadziwa zotere amayamba kuyerekedwa.

Tinasamuka nyemba zisanazulidwe. Ku Lifidzi amayi anakhala mtengwa, kulima munda wopemphetsa, kutunga madzi pakati pa akazi amene ankawatchulabe mlendo mpaka ukalamba. Kumudzi kwa amawo ankangopitako pamaliro, ndipo manda awo ali ku Lifidzi komweko, pakati pa anthu a mtundu wa amuna awo. Ine zimandipweteka kuti mawu okoma kwambiri amene munthu anawanenerapo atate anga, anawanena iwo ali mtulo.

Atate anafika pokalamba kwambiri, ndipo sanawakhululukire alamu awo. Akamwa kamowa ankayambanso nkhani ija, kuti kupitikitsa mkamwini n'kwachizolowezi, koma munthu wopitikitsa mlongo wake weniweni ndi wouma mtima.

"Eya," ankavomera amayi, osakweza mutu pa lichero. "Ndi otero achimwene."