Tsiku limene tinawolotsa Zuze pa njanji

Ndi Malita, mwana wa mchemwali wanga, amene wandiumiriza kuti ndifotokoze za tsiku limene tinaika Zuze, mwana wa achimwene anga. Akuti ine kulongolola ndi kale, bola ndilongolole zothandiza.

Ndinadzuka kusanache, ngati kumeneko n'kudzuka, poti pa siwa munthu umangotsamira khoma. Amayi a kwaya anali atasasa mawu. Panja moto unali utayaka kale, adzukulu atanyamula makasu ulendo wa kumanda. Kunatentha m'mawa womwewo. Nsanje mukuidziwa mwezi wa Okutobala, ngakhale mbuzi zimakana kutuluka pamthunzi.

Zuze ankagwira ntchito yokonza njanji. Anafera pa kangolo kawo kokankha ka panjanji, katawombana pokhota ndi sitima yonyamula miyala. Kusiteshoni anaimbadi foni kuti achoke, koma pamenepo palibe netiweki. Anzake anadumpha, iye mwendo unakodwa.

Anthu anabwera, makabaza mbwee, ena a ku Chikwawa, ena achibale a ku Mozambiki amene sindinawaone chikwatiwire. Mayi wina anandipatsa moni katatu, mpaka lero sindikumudziwa.

Tsono manda athu ali kutsidya kwa njanji, ndipo njira yake imadutsa pokhota pomwepo. Kwathu kuno bokosi likatuluka m'nyumba silibwerera, salitulanso panjira. Khamu lonse lija, nkhalamba ndi amayi obereka ana, liwoloke osadziwa kuti sitima ili pati. Akapitawo a Zuze anakwera pachulu, foni m'mwamba, koma ayi ndithu.

"Bambo, mukufuna tiike angati lero?" ndinawafunsa.

"Mayi, kubwera ibwera, koma nthawi yake sindikuidziwa."

"Nanga ntchito mumagwira bwanji?"

"Timangotchera khutu."

Mbendera zofiira zoimitsira sitima anali ataziiwala kukampu. Ndinavula chitenje changa chofiira, musaseke, ndinavala ziwiri. Tinaching'amba pakati. Anzake a Zuze awiri anathamanga nacho, wina kumtunda wina kumunsi, kutali ndithu, poti akuti sitima siima ngati njinga.

Bokosi litangowoloka, anthu ali thithithi pa njanji, tinamva kulira kwa sitima. Nyimbo inadukira pakamwa. Ena anagwa pamiyala pothawa, koma onyamula bokosi sanatule. Woyendetsa ataona chitenje chija, mabuleki analira, kulira. Inaima tikuona nkhope ya woyendetsa. Bamboyo anatsika, navula chipewa, n'kuima chomwecho mpaka womaliza atawoloka. Nkhalamba ina inangomuthokoza m'Chisena kuti, "Takhuta."

Kumanda bwana wa kampani analonjeza ma ovaova, mawailesi olankhulirana osadalira netiweki, ndi chipangizo choti chizimanga chokha mabuleki kutsogolo kukakhala chinthu. Analankhula bwino, suti yake itanyowa ndi thukuta. Ife tinangomva.

Madzulo anthu anabalalika, moto unazima. M'nyumba munangotsala mikeka ndi fungo la utsi. Mkazi wa Zuze anakhala pakhomo, nsapato za ntchito za mwamuna wake zili pambali pake. Ndinamupatsa madzi, anangowagwira.

Anzake aja Lolemba akukwereranso kangolo komweko. Inu amene mwawerenga izi zimene Malita wandilembera, musazisunge. Uzani anzanu, nawonso auze anzawo, mpaka zikafike kwa amene angagule mawailesiwo.