Chitsulo Chimasunga Mkwiyo

Anapuma ntchito kalekale mkulu wathu wowotcherera zitsulo, koma ndikatsinzina ndimawaonabe. Tikamaliza kuwotcherera thanki yosungira gasi wozizira kwambiri, iwo amaitenthetsanso pang'onopang'ono, kenako n'kuifunditsa mabulangete osapsa ngati mwana wodwala malungo.

"Chitsulo chimasunga mkwiyo," amatero. "Mukachiziziritsa mothamanga, msoko tawotchererawu udzang'aluka tsiku limene gasi adzalowemo."

Mayi akunyumba kwawo atamwalira, mkulu wathuyo anabwerera kuntchito, koma ankangokhala duu pafupi ndi thanki yofunditsidwa. Tsiku lina bwana wa pakampani pathu anawagwira paphewa.

"Bambo, limbani mtima. Zapita zimenezo."

Iwo anapukuta magalasi awo akuda ovala powotcherera ndi malaya, osadzutsa mutu.

"Bwana, musandivundukule msanga, ndingang'aluke. Ndisiyeni ndizizire ndekha."