Akadzidzi a Ambuya NaMbewe

Ndikakumbukira ambuya NaMbewe, ndimamva fungo la manyowa a nkhuku atathiridwa madzi dzuwa lili paliwombo, fungo lija lokakamira m'chitenje ngakhale uchape ndi sopo, ngati sopoyo wapezeka n'komwe. Sanali ambuya anga enieni ayi. Tinkangoyang'anizana makomo m'komboni ya Kanyama. Anali mayi wamasiye wochokera ku Katete, wopanda mwana, wamfupi, wolusa ngati tsabola wakambuzi. Ukangowapondera mbande, tsiku limenelo unkadziwa mayina a makolo ako onse.

Zaka zimenezo zinthu zinali zitathina. Atate anawachotsa ntchito kufakitale, amayi ankalawirira pamzere wa unga n'kubwerako chimanjamanja, ndipo shuga tinkangomumva m'nkhani. Ndiye azimayi a m'komboni anagwirizana kulima dimba kuseri kwa chidzenje chomwe kale ankakumbamo miyala, mmene madzi sankaphwa. Aliyense anali ndi mabedi ake a repu, chibwabwa, impwa ndi mbatata, koma woyang'anira anali ambuya. Palibe anawasankha, kungoti palibenso akanalimbana nawo.

Malamulo awo anali achilendo. Bango la m'mphepete mwa madzi osatentha, ati mbalame zimaswa mmenemo. Chule osapha. Anyamata a malegeni ankawapirikitsa ndi mpini wa khasu mpaka kumsewu. Ine ankandituma kutunga madzi, ndipo ndikumvabe kulira kwa zidebe, achule akuyimba m'matope, ndi timbalame tachikasu tikukangana m'bangomo ngati azimayi a pampopi. Pakati pa dimba panali mkuyu wakale wamphako, ndipo m'mphakomo munkakhala akadzidzi awiri.

"Amenewo ndi alonda anga," ankatero ambuya. "Saledzera, komanso sagona pantchito."

Anthu ankaseka pamaso, kumbali akunong'ona. Kwathu kadzidzi akalira padenga amati akuitana maliro, ndipo umayenera kumuponyera chikuni chamoto. Nanga mayi wokhala yekha, wopanda mwana, wokonda akadzidzi, anthu angamutchule dzina lanji?

Kenako mlongo wanga Masauso, kamnyamata kongoyamba kumene kuyenda, anadwala kutsegula m'mimba mpaka maso kulowa. Tsoka ilo, sabata yomweyo kadzidzi analira pamalata athu, komboni yonse n'kumva. M'mawa mwake ba Mulenga, kalipentala wa kuseri kwathu, anafika ndi nkhwangwa, gulu lili pambuyo.

"Amake Masauso, muli chabe zii, mwana azafa!" anatero. "Tiyeni tigwetse chimtengo chija, na bakulu aba babwelele kumunzi kwao na vinyoni vao."

Amayi anabereka Masauso n'kutsatira gulu, ine nditagwira chitenje chawo. Tinawapeza ambuya atakhala patsinde pa mkuyu, miyendo atatambasula. Ndinkayembekezera mkuntho wa mawu, koma aka kanali koyamba kuwaona osakalipa. Anatola kambulu kotuwa, kaja kadzidzi amalavula akatha kudya, n'kukafikisa m'manja.

"Amake Masauso, sendezani muone."

Munali ubweya, timafupa, ndi kachigaza ka khoswe, mano ake achikasu ali mbee.

"Ndiwo za mfiti yanu ndi zimenezi. Mbatata imene ana anu akudya, akuilondera ndi ameneyu. Mukafuna, dulani, ine ndimanga katundu. Koma mwana sachira ndi nkhwangwa. Thamangirani naye kukiliniki."

Maso onse anatembenukira kwa amayi. Mwana wodwalayo anali wawo, choncho mawu awo ndiwo akanagwetsa mtengo n'kusamutsa ambuya. Amayi ankaopa kadzidzi, ndipo anamuopa mpaka tsiku lomwalira. Koma anayang'ana mabedi athu obiriwira, omwe ambuya anatigawira atate atangochotsedwa ntchito.

"Mwana ni wanga," anatero. "Siyani mtengo."

Ba Mulenga anatsonya, gulu n'kumwazikana likung'ung'udza.

Kukiliniki mankhwala kunalibe. Anesi anati timupatse madzi owiritsa, osakaniza mchere pang'ono ndi shuga. Shuga! M'nyumba mwathu ngakhale nyerere zinali zitasamuka. Tikufika pakhomo, tinapeza ambuya ataima ndi kachitini kawo ka shuga, kamene anakaimira pamzere tsiku lathunthu ndipo ankakabisa kunsi kwa bedi. Anakaika m'manja mwa amayi, anthu omwe m'mawa womwewo tinali m'gulu lowathamangitsa.

"Musandiyang'ane ngati chithunzi, ikani madzi pambaula!" Ukali wawo unali wabwerera, ndipo ine mtima unakhala pansi.

Masauso anachira. Amene ankanong'ona sanapepese, anangoyamba kupereka moni mokweza.

Patapita nthawi, mphunzitsi wina wa kusukulu kwathu anabwera kudimba ndi anthu a kalabu yokonda mbalame. Anazungulira bango ndi magalasi awo, akudabwa kuti pakati pa fumbi la Kanyama pali zamoyo zochuluka chotero, ndipo atasuzumira m'mphako anasangalala ngati ana. Anabweranso ndi chikalata chaulemu, wilibala ndi makeni othirira, ati dimba lathu lasamala chilengedwe. Pojambula chithunzi, amene anaima kutsogolo atavala jekete anali ba Mulenga! Anthu inu, dziko ili. Ambuya anangowayang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu, n'kunena kuti, "Nkhwangwa mwaiwala kunyumba?" Wilibala ambuya anaikonda ngati mwana, koma chikalata anatsekera bowo la pawindo.

Lero pamalo pa dimba lija pali nyumba zamabuloko, ndipo ambuya anagona kalekale. Ine ndili ndi kadimba kanga ku Mtendere, ndipo pangodya ndimasiya tchire dala, anansi anene zonena zawo. Kadzidzi akalira thupi limachitabe tsemwe, sindinama, koma chikuni sindiponya. Ndimawathokoza ambuya aja, amene kwa nthawi yaitali anamwa tiyi wopanda kanthu osauza munthu.

Masauso ndi bambo wa ana tsopano, ndi mimba yake kutsogolo. Akabwera kwanga n'kudandaula kuti tiyi wachepa shuga, ndimamulanda supuni.

"Iwe khala chete," ndimamuuza. "Shuga wako unamwa kale, chitini chonse cha ambuya NaMbewe."