Dzenje Lomwe Linakumbidwira a Goodson

Mvula yoyamba itagwa, anthu a ku Kabudula analawirira kumunda ndi mbewu, poti dothi linali litafewa. A Victoria okha anatsala pakhonde, akuthowa ndi madzi ofunda chifuwa cha amuna awo, a Goodson.

Mayiwa amadziwika ndi changu. Ku Chigwirizano cha amayi amafika belu lisanalire, ndipo pamaliro nkhuni zoyamba zimakhala zawo. Changu chomwecho ndicho chinawalakwitsa.

M'nyengo yotentha, a Goodson anagonekedwa m'chipatala cha m'tauni ndi chibayo. Tsiku lina masana anasiya kupuma. Anamwino anathamangira, kutchinga nsalu, mmodzi n'kuyamba kupsinja chifuwa ndi manja onse. A Victoria atamva nthiti ikuthyoka, anatuluka panja n'kuimbira alamu awo kumudzi: "Atisiya."

Pobwerera anapeza mtima wa amuna awo ukugundanso.

"Mayi, ambiri amene timawapsinja chonchi sabwerera," anatero namwino, akupukuta thukuta. "Obwererawo, si onse amafika kwawo."

A Victoria anaimbanso, koma foni ya alamu inali itatha moto. Uthenga wachiwiri unafika adzukulu, okumba manda, atalowa kale m'dzenje mpaka m'chiuno.

A Goodson anafika kwawo, dzanja lamanja likunjenjemera, mawu akutuluka mochedwa. Anzawo a bawo ankawapatsa moni ali pamsewu. Dzenjelo linangokhala losakwirira, pakuti manda sakwiriridwa opanda kanthu, ndipo panalibe wofuna kuiyamba nkhaniyo mwiniwake ali moyo.

"Mayi a Thoko," anatero a Goodson kwa akazi awo m'mawa wa mvulawo, "kodi ndikununkha? Anzanga a Frackson dzulo anakana chikho changa."

A Victoria anafinya nsalu yothowera, yomwe inali youma kale.

"Anakukumbirani manda. Ndinalengeza ndine. Sindinadikire."

A Goodson anayang'ana madzi akudontha pa denga.

"Ndi akuya?"

"M'chiuno."

"Aulesi eti! Munthu wamtali ngati ine?" Anayamba kuseka, koma nthiti inawagwira, nkhope n'kukwinyika. Kenako anati, motsitsa, "Munafulumira, mayi."

"Ndinafulumira."

"Ndiye fulumiraninso. Ndikufuna kupita ku tchalitchi anthu osasuntha pa benchi."

A Victoria anatuma uthenga kwa adzukulu. Mkulu wawo anayankha kuti thunthu la nthochi ligone m'malo mwa munthu, ndipo alibweretse amene analengeza malirowo.

A Victoria anatenga chikwanje, natsikira kudimba. Anadula nthochi yomwe inali isanabale, naisadza masamba, naisenza pamutu, utomoni ukutsikira m'khosi. M'minda anthu anaimitsa makasu, koma iwo sanacheuke. Kumanda adzukulu anali atakapa madzi m'dzenje. Analandira thunthulo ndi kulitsitsa pansi, ndipo a Victoria anaima pomwepo mpaka dothi linafanana ndi lina lonse.